Kugogoda kwa a NyaHarawa

Masiku ano aliyense ndi neba. Wakabaza amene sadziwa ngakhale kumene ndimagona akandiona ndasenza thumba amakuwa kuti neba tiyeni. Mtsikana wogulitsa mayunitsi pamsewu nayenso akuti neba. Ana a ku yunivesite awa, amene adzaza Zolozolo yense ngati ngumbi, ndamva kuti neba wawo ndi amene wakhala naye moyandikana m'mayeso, womuonetsa mayankho. Ndiye pali amuna ena osowa manyazi, akati neba akunena chibwenzi cha kuseri. Ine ndikamva zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa ndinakhalapo ndi neba weniweni, ndipo ndinaona ndi maso angawa mmene anamuchotsera pakhomo pake ngati mpando wothyoka mwendo.

Dzina lawo ndi a Bertha, koma kuno mkazi amaitanidwa ndi mfunda wa bambo ake, ndiye tonse tinkati a NyaHarawa. Musaganize kuti ndikulira maliro, ali moyo. Ali ku Lilongwe kwa mwana wawo Davie, ndipo nkhani yanga yonse yagona pa mmene anapitira kumeneko.

Ine ndine Stella, kwathu ndi ku Balaka. Ndinabwera ku Mzuzu nditangokwatiwa kumene, kutsatira amuna anga, malemu a Ackim, amene anawasamutsira kuno ku ntchito ya m'sitolo ya zipangizo zomangira. Nthawi imeneyo mbali yathu ino ya Zolozolo inali nthochi ndi minda ya chimanga, nyumba apo ndi apo. Yunivesite kunalibe, pamalo pake panali koleji ya aphunzitsi. Tinafika mu Juni. Tangoganizani munthu wa ku Balaka, wozolowera kugona ndi chitenje chokha, kumuponya mu Juni wa Mzuzu. Mano ankachita kugundana okha. Tinalowetsa mbaula m'chipinda, kutseka windo, kutsekanso mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli, n'kugona.

Kutangoyamba kuyera ndinamva munthu akugogoda. Ndinafuna kudzuka koma mutu unali wolemera ngati ndasenza mtondo, ndipo a Ackim ankangobuula. Ndinakwawa mpaka kuchitseko. Panja panaima mayi wamfupi, wojintcha, atavala juzi yaamuna pamwamba pa chitenje.

"Mwawuka uli, a neba?" anatero m'Chitumbuka, kufunsa mmene ndadzukira. Asanamve n'komwe yankho ananunkhiza, n'kundikankhira pambali, kulowa, kutuluka ndi mbaula ija n'kukaiponya pabwalo. "Mbaula m'nyumba yayi. Mukufuna tikubwezereni ku Balaka m'bokosi?"

Anatitulutsa tonse awiri, kutikhazika pakhonde mozizira muja, n'kutiphikira tiyi kwawo. Umu ndi mmene ndinadziwira a NyaHarawa. Dzina langa anandifunsa tiyi atatha.

Kudzutsana m'mawa kwathu kuliponso, koma kuno ndinapeza kuti ndi lamulo. Munthu sayamba ntchito asanamve kuti anzake agona bwanji. Ndiye a NyaHarawa anali ataliwonjezera lamulolo. Iwo sankadikira kukumana nawe pampopi. M'mawa uliwonse, asanasese ngakhale pabwalo pawo, ankayenda nyumba zonse za mzere wathu, chitseko ndi chitseko. Sankalowa, sankapempha mchere, sankafuna miseche. Ankagogoda, kupereka moni, n'kudikira. Ukayankha uli m'bulangete momwemo, iwo ulendo. Ankanena kuti chimene akufuna ndi mawu basi, mawu akamveka ndiye kuti m'nyumbamo muli moyo.

Tsiku lina tikusenda chinangwa ndinawafunsa kuti khalidwe limeneli analitenga kuti. Anandiuza kuti iwo anabadwira m'malayini a pa esiteti ija azungu anadzala mitengo ya mafuta, Mzuzu usanakhale tauni. Bambo awo ankagwira ntchito kumeneko pamodzi ndi Atonga, Angonde, Alambya, Angoni, aliyense ndi chilankhulo chake, onse atawapanikiza m'tizipinda togundana. Chaka china chozizira banja lina lochokera ku Chitipa linagona ndi moto m'nyumba. Kunacha, dzuwa linakwera, chitseko chili chitsekere. Anthu ankadutsa n'kumati si abale athu, tingagogode bwanji. Pamene kapitawo anabwera kudzafunsa chifukwa chimene bamboyo sanapitire ku ntchito, munali mutazizira kale, bambo, mayi ndi ana omwe. Mayi awo a NyaHarawa ndi amene anasambitsa mitembo ya anawo. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kugogoda, ndipo iwo atakalamba mwana wawo anapitiriza.

Mawu akuti neba nawonso ankati anachokera m'malayini momwemo. Kumudzi, ankatero, woyandikana nawe ali ndi dzina lake kale: ndi mlamu wako, ndi asibweni ako, ndi apongozi. Koma pa esiteti munthu wogona kuseri kwa khoma lako sanali kalikonse kako. Atumbuka ankati muzengezgani, womanga pambali pako, koma Mtonga ankanena zake, Mngonde zake. Ndiye anangotola mawu a mzungu woyang'anira malayini, amene ankawakalipira kuti aliyense azisesa mpaka pakhomo pa mnzake. Anawadula mchira kuti akwane pakamwa, n'kukhala neba. Kaya zinayendadi choncho ine sindinaliko, koma iwo ankanena ngati anaona.

Mwana wanga Wiza, ataphunzira pa yunivesite yomweyi, anabwera ndi zake. Ati m'Chingerezi chakalekale mawuwa anali awiri olumikiza, ena otanthauza pafupi, ena otanthauza wokhala kapena wolima pamalo. A NyaHarawa anamvetsera bwinobwino, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati ngati ndi choncho azunguwo anasiya ntchito pakati, chifukwa pafupi pokha sipakwana, chimbudzi nachonso chili pafupi koma palibe amachitcha neba.

Moyo wawo sunali wa mkaka ndi uchi. Amuna awo, a Overton Luhanga, anali kalipentala, ndipo anamwalira Davie ali ku pulayimale. Mwana anali yekhayo. Anamulera ndi zitumbuwa ndi nthochi za kumunda kwawo, kuzisenza wapansi mpaka kudepoti, mvula kaya dzuwa. Loweruka ankapita kukatola nkhuni kufupi ndi nkhalango ya Kaning'ina, kubwera khosi litalowa m'mapewa. Pakati pa nyumba yawo ndi yathu panali mpanda wa maluwa, ndipo pampandapo panali mpata umene miyendo yathu inapanga yokha. Davie ankadutsa pamenepo kudzadya kwathu mayi ake akachedwa. Atadwala chikuku ndine ndinamubereka kumsana kupita naye kuchipatala. Wiza wanga anabadwira m'manja mwa a NyaHarawa galimoto itakanika kubwera m'matope, ndipo dzinalo anapereka ndi iwo. A Ackim atamwalira, abale a ku Balaka asanafike n'komwe, iwo anali atathyola kale masamba n'kuika pamsewu, atatulutsa mipando m'nyumba, atayambitsa nyimbo.

Kenako kunabwera yunivesite. Poyamba tinasangalala, ndinamizenji. Ana athu aphunzira pakhomo, tinkatero, ndipo Wiza anaphunziradi. Magetsi anafika, msewu anaupala, zitumbuwa zinkatha dzuwa lisanakwere. Koma ana asukulu anachuluka kuposa malo ogona a pasukulupo, n'kuyamba kusefukira m'makomo mwathu. Pamenepo ndi pamene anthu anapenga. Aliyense wokhala ndi kabwalo anamanga tizipinda. Amene analibe mphamvu yomanga anagulitsa malo n'kusamukira ku Masasa kapena kumudzi. Nthochi zinagwa, mapeyala anagwa, m'malo mwake munamera makoma a njerwa okhala ndi mabotolo oswa pamwamba. Pa nyumba zonse zimene a NyaHarawa ankagogoda, patapita zaka panatsala yanga yokha. Zinazo zinasanduka mahositelo, pageti lililonse chikwangwani chodzitama kuti pano ndi pafupi ndi yunivesite, ngakhale pamene mwana ayenera kukwera kabaza kuti akafike.

Davie anali atakula, ali pa ntchito yabwino ku Lilongwe, mimba itayamba kutsogola. Malo aja mayi ake anali atamulola kalekale kuwalembetsa m'dzina lake, poti ndiye mwana, ndiye wodziwa za m'maofesi. Anabwera ndi amisiri n'kunena kuti akufuna amama apume, asamavutikenso ndi zitumbuwa. Anagwetsa nyumba imene a Overton anakhoma denga lake ndi manja awo, anazula munda wonse, n'kumanga mizere iwiri ya zipinda za atsikana. Mayi ake anawapatsa chipinda chakumapeto, chogundana ndi malire athu. Ndinamupempha ndithu, mwaulemu, kuti pomanga khoma asiye kachitseko pamene panali mpata paja. Anandiyankha akuseka kuti anti, chitetezo. Khoma linakwera mpaka kubisa denga, geti n'kuliika mbali inayo, kumsewu wina. Kuti ndikafike kwa munthu amene ndinkamumva akuyetsemula, ndinayenera kuzungulira mzere wonse wa mahositelo ndi mawondo angawa. Tinayamba kudzutsana mokuwa, iwo uko ine kuno, osaonana nkhope.

Koma a NyaHarawa sanadandaule. Anandiuza pamwamba pa khoma, mawu ali mwaa, kuti Mulungu wawabwezera mzere wawo. Zitseko zonsezo, ana a eni ake ochokera kutali, ku Nsanje, ku Mchinji, ku Karonga, opanda mayi pafupi. Kwa iwo panalibe chofunsa. Anayamba kugogoda.

Abale inu, ana amenewa. Mwana wawerenga mpaka kwada, kapena wachezera pa foni, ndiye kukungocha akumva gogogo, nkhalamba ikufunsa m'Chitumbuka ngati wadzuka. Ena ankayankha mwaulemu. Ena ankangoti zii, ndipo iwo akapanda kumva mawu sankachoka, ankagogodanso. Sindikunena kuti anawo analibe pawo podandaula, tulo ndi tulo. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatuluka n'kufunsa kuti agogo, mumagogoderanji. Anthu ophunzira, ofunsa mafunso m'kalasi tsiku lonse, funso limodzi lokhali linawakanika. M'malo mwake anawajambula pa foni kudzera pawindo, ali ndi juzi yawo ija, akusuntha chitseko ndi chitseko mumdima wa m'mawa, n'kumatumizirana.

Sipanatenge nthawi, nkhani inasintha fungo. Wina analota akutsamwitsidwa. Wina analephera mayeso amene ankati anawerenga. Wina msambo unamusokonekera. Zonsezi zinapeza mwini wake. Anayamba kunong'onezana kuti mayi a landilodi amayenda m'makomo kusanache, ndipo munthu wamkulu woyenda m'makomo kusanache mukudziwa dzina limene amapatsidwa m'dziko muno. Atsikana ena anayamba kuthira mchere pakhomo pa zipinda zawo. A NyaHarawa, mtima wawo woyera uja, anaona ngati ana akutaya mchere mosasamala. Anatenga tsache n'kusesa bwinobwino khomo lililonse, kenako n'kundidandaulira pakhoma kuti ana amasiku ano sadziwa kuti mchere ndi wodula. Ine ndinadziwiratu mmene anawo aonere kusesako.

Ndinawauza zoona, kuti akuwatcha mfiti. Kuseri kwa khoma anangofunsa kuti kodi mfiti imagogoda, imati odi.

Atsikana angapo anasamuka, ena n'kuopseza kuti temu ikatha sabweranso. Davie anatulukira ndi galimoto, nkhope ili gwa. Ndinazungulira mzere uja n'kukakhala nawo, ngakhale sanandiitane. Ndinaganiza kuti asonkhanitsa anawo n'kuwauza kuti awa ndi mayi anga, kugogodaku n'kumene kunasunga anthu pamalo pano inu musanabadwe. Akanatha kutero, amadziwa zonse, iye mwini anakulira kumbuyo kwa juzi imeneyo. Koma anakhala pampando n'kumalankhula za makasitomala, za mbiri ya hositelo, za ufulu wa munthu m'chipinda chimene walipira. Ndinamukumbutsa kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Anandiyankha kuti anti, nthawi zinasintha, kuno tsopano ndi mzinda. Kenako anatembenukira kwa mayi ake.

"Amama, ndikunena kamodzi. Mukagogodanso chitseko cha mwana aliyense pano, ndikubwera kudzakutengani. Mukakhala ku Lilongwe."

A NyaHarawa anayang'ana pansi, manja ali pamiyendo. Anthu a ku Lilongwe sawadziwa, manda a amuna awo ali konkuno ku Zolozolo, tchalitchi chawo chili konkuno, ndipo moyo wawo wonse sanagonepo kunja kwa Mzuzu kupitirira masiku a maliro. Anati, "Yewo, dada. Napulika." Ndiko kuti ndamva.

Anasiyadi. Ndikuchitira umboni, anasiya. Koma kunali ngati kumanga mbuzi pafupi ndi munda. Ankadzuka nthawi yawo yomwe ija, n'kukhala pakhomo pa chipinda chawo ndi tsache m'manja, kuyang'ana zitseko. Chikatseguka chimodzi, mtima pansi pang'ono. Sankalowa kukaphika mpaka chomaliza chitatseguka. Anawo powadutsa ankathamangitsa mapazi, ena kugwira timitanda ta m'khosi. Iwo ankawadziwa onse, uyu amadya mochedwa, uyu amalira akalandira foni ya kwawo, uyu nsapato zake zatha. Ankandiuza zonsezi pakhoma, motsitsa mawu, ngati akuba. Anaonda, juzi ija inayamba kulendewera. Koma miyezi inapita, Davie anakhala chete, ndipo ine ndinayamba kukhulupirira kuti tapulumuka.

Ndiye kunabwera Julayi, kuzizira kuja kolowa m'mafupa, nkhungu ili mbuu mpaka pakhomo. Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake. M'mawa umenewo ndikukoleza moto ndinamva akundiitana, osati moni wa masiku onse, koma mofulumira.

"A neba, muliko? Chipinda cha Sharon kukununkha makala. Windo watseka, pansi pa chitseko waikapo nsalu. Anzake atuluka kale, iye yayi."

Ndinawafunsa za mlonda wausiku wa pahositelopo, anati waweruka. Ndinati atume mtsikana wina akagogode. Anati ayesa, woyamba wathawira m'chipinda n'kudzikhomera, wachiwiri wadutsa ngati sanamve. Ndinadziwa chimene chikubwera. Ndinawachonderera kuti asakhudze chitsekocho, andidikire, ndizungulire ndidzagogode ine, ine Davie sangandisamutse.

"Mawondo anuwo mufika liti?" anatero. "Utsi sudikira munthu."

Ndinataya mbaula yanga pomwepo n'kuyamba kuthamanga, ngati kumene ndimachita ine kungatchedwe kuthamanga. Ndisanatuluke n'komwe pabwalo panga ndinamva gogogo. Kenako mwamphamvu. Kenako ndi chigwiriro cha tsache, akuitana dzina la mwanayo.

Pamene ndinafika, wefuwefu, geti linali lotsegula ndipo atsikana amene anali asanapite ku kalasi anali ataima pabwalo, mafoni m'mwamba. Chitseko cha Sharon chinali chotsegula. Mwini wake anaima pakhomo atadzikulunga bulangete, wamoyo, wathanzi, akutukwana m'Chingerezi. Kumbuyo kwake kunali mnyamata akulimbana ndi kuvala malaya, m'hositelo imene amuna saloledwa kugona. Mbaula inalimodi, koma anali ataithira madzi asanagone, fungo lokha ndi limene linatsala. Sanayankhe msanga chifukwa ankafuna mnyamatayo apeze pobisala.

Anthu amayembekeza kuti ndinene kuti mwanayo anamupeza atakomoka, a NyaHarawa n'kumupulumutsa, onse n'kugwada kupepesa. Sizinatero, ndipo sindinama kuti nkhani ikome. Mwanayo analibe vuto lililonse. Koma ndikufunseni inu, munthu wanunkhiza makala, windo lotseka, nsalu pansi pa chitseko, waitana osayankhidwa, achite chiyani? Akhale pansi adikire kuti aone ngati ndi maliro? A NyaHarawa anayang'ana Sharon kuyambira kumutu mpaka kumapazi, matukwana akuwagwera ngati matalala, n'kunena mofatsa kuti yewo mwana wane, wadzuka. Anatola tsache lawo n'kubwerera kuchipinda kwawo.

Zithunzi zinafika ku Lilongwe tsiku lomwelo. Zinafikanso kwa bambo ake a Sharon, amene anaimbira Davie kumuuza mawu amene sindingabwereze, osati za mnyamata uja ayi, koma za nkhalamba yopenga imene yachititsa manyazi mwana wawo pagulu. Loweruka galimoto inali pageti.

Kale nkhani ngati imeneyi sikanathera m'banja. Mzere wonse ukanabwera, azibambo ndi azimayi, kumukhazika Davie pansi mpaka atamva. Koma mzerewo unali kuti? Ena ku Masasa, ena kumanda. Ndinapita kwa abusa, anati ndi za m'banja, adzawapempherera. Ndinatsala ndekha, ndipo ndinalankhula ngati anthu khumi. Ndinamuuza Davie kuti ine amene akundiona pano ndikanakhala fumbi ku Balaka pakanapanda kugogoda kumeneku. Ndinamuuza kuti sukulu imene akunyadirayo inachokera pamutu pa mayi ameneyu. Ndinamuuza kuti ngati chipinda chawo chikumupweteka, abwere adzakhale kwanga, malo alipo. Apa ndiye anakwiya zenizeni. Ati anthu adzati chiyani, kuti mwana ali ndi nyumba ya zipinda zambiri ku Lilongwe koma mayi ake akusungidwa ndi munthu wapadera. Wapadera, ine! Mwana amene ndinamupukuta mamina, amene anandisanzira kumsana ndikupita naye kuchipatala. Anawonjezera kuti amama mutu wayamba kusokonekera, akufunika adokotala akuluakulu, ndipo iye monga mwana sangawasiye.

A NyaHarawa sanadziteteze. Nditawakakamiza kuti anenepo kanthu, anangoti analonjeza ndipo aphwanya lonjezo, mwana sakunama. Ndinawafunsa ngati akudandaula kuti anagogoda. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

Katundu wawo anakwana kumbuyo kwa galimoto, malo n'kutsala. Zovala, mapoto, chithunzi cha a Overton, mbaula Davie anaikana. Palibe mwana wasukulu ndi mmodzi yemwe amene anatuluka kudzatsanzika, makatani okha ndi amene ankagwedezeka. Ndinawagwira dzanja pawindo la galimoto, ine misozi ili chuchuchu, iwo maso ali gwa ku zitseko zija. Ndinkayembekeza kuti anena za manda a amuna awo, kapena za tchalitchi. Anandikokera pafupi.

"A neba, chitseko chachitatu mzere wa kumanzere. Kamwana ka kwanu kummwera, kakutsokomola chomene, ndipo sikakudya. Sikauza munthu, n'kamanyazi. Mukakaone. Dzina lake ndi..."

Davie anakweza galasi, ati fumbi, n'kuyendetsa galimoto.

Madzulo a tsiku lomwelo ngolo inabweretsa mabedi awiri osanjikiza, kukalowetsa m'chipinda chawo chija. Ndinawaona akudutsa pamsewu. Vanishi wake anali wouma kale, sanali mabedi okhomedwa sabata imeneyo. Ndinalavula malovu pansi, Mulungu andikhululukire.

M'mawa mwake ndinavala juzi n'kuzungulira mzere uja. Pageti ndinapeza mlonda watsopano, a Blackson, amene Davie anamulemba kuti azikhala usana wonse. Munthu waulemu ndithu, anandipatsa moni wa Chitumbuka mpaka kuwomba m'manja. Ndinamuuza kuti ndabwera kudzaona mwana wa chitseko chachitatu, akudwala. Anafunsa dzina la mwanayo. Ndinati sindikulidziwa. Anafunsa ngati ndine kholo lake. Ndinati ayi, ndimakhala kuseri kwa khomali. Anapepesa kwambiri, n'kunena kuti abwana alamula kuti munthu wakunja asalowe pokhapokha mwana atamutchula yekha, makamaka amayi achikulire. Ndinamupempha kuti akagogode iyeyo. Anati zogogoda ndiye aletseratu, ntchito ingamuthere.

Ndinabwerera kunyumba n'kuimba foni ya a NyaHarawa kuti andiuze dzinalo. Anayankha ndi Davie. Anati amama akupuma, ndipo foni aziisunga iye kaye, chifukwa za ku Mzuzu zikumawasokoneza maganizo. Ndayesanso kangapo, kumayankha yemweyo, ulemu wake uli thoo.

Ndikakhala kuseri kwa nyumba yanga ndikuchapa, ndimakamva kamwanako kakutsokomola mbali inayo, chifuwa chouma, chochokera pansi. Ndakuwapo kuti iwe wa chitseko chachitatu, pita kuchipatala mwanawe, koma kumangomveka kuseka kwa anzake, kenako wina amakweza wailesi. Dzina lake a NyaHarawa akulidziwa, koma foni yawo ili m'thumba mwa Davie.